Tonse Tinamuona Komando wa Panjinga

Ndinayambitsa ndine.

Tiyambire pamenepo, kuti inu amene mwakhala mukuloza chala Rabson, kapena a Mukhuna eni vidiyo ya pa Nkando, mubweze zala zanuzo m'matumba. Filimu ya Komando wa Panjinga, imene yatikanganitsa pasukulu pano sabata ziwiri zathunthu, inajambulidwa m'mutu mwanga muno Lolemba lina m'mawa, pakati pa kamlatho ka m'munda wa tiyi ndi geti la sukulu. Kamera panalibe. Komando panalibe. Ngakhale njingayo panalibe.

Ndikumva chisoni? Pang'ono, ndipo ndikulozerani pamene pali chisonicho tikafikapo. Koma ngati mukudikira kuti ndigwade n'kumalira, pezani pokhala, mutopa. Ine ndi yemwe uja ndinaika chule m'bokosi la choko temu yatha, ndipo mpaka lero ndimati chuleyo anaphunzirako kanthu.

Amene simunaphunzirepo sukulu yoyendera mwina simudziwa kuti Lolemba m'mawa ndi nthawi ya mafilimu. Ife ochokera kumalayini a kuesiteti ndi midzi ya kuseri timakumana pamphambano, n'kuyenda limodzi ola lathunthu. Amene analowa vidiyo Loweruka kapena Lamulungu ndiye mwini ulendo. Amayenda pakati, ena atamunyamulira makope kuti manja amasuke, iye akuponya zibakera m'mwamba: dishu! dishu! Akamaliza kufotokoza, bwalo limatseguka. Akita anachita bwino kukhululukira mchimwene wake? Mfiti ija sinafe msanga? Za ku Nigeria ndi za ku China zabwino ndi ziti? Aliyense amaponyapo lake, ndipo timafika pageti tisanagwirizane ngakhale chimodzi.

Iwe amene sunaonere kanthu umayenda kumbuyo, pamodzi ndi ana a Fomu 1, ukupuma fumbi la anzako.

Mwini ulendo wa masiku onse ndi Rabson, mnzanga wa m'kalasi mwathu mu Fomu 3. Mchimwene wake ndi kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, ndiye palibe filimu imene Rabson sanaionere. Tchulani iliyonse. Anaionera kale, ku Limbe, pa sikirini yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo imene mwaonera inuyo ndi yodulidwa, yeniyeni ndi yaitali.

Lolemba limenelo ine ndinalibe kanthu. Loweruka lonse masteni, amayi anga, anandigwira, tinkasenda chinangwa cha makaka mpaka zala kuchita dzanzi, Lamulungu ndikupirikitsa mbuzi pamene tinayanika.

"Fanuwelo, iwe waonera chiyani?" anatero Rabson, mokweza kuti atsikana amve. "Makaka pati thu?"

Anthu anaseka. Ndinawasiya amalize.

"Aise, ine ndinali kwa a Mukhuna Loweruka," ndinatero. "Komando wa Panjinga. Akita amamenya anthu makumi anayi osatsika panjinga, phazi osagunda pansi. Usandiuze kuti sunaionere."

Rabson anapitiriza kuyenda. Ndinamuwerengera mapazi: limodzi, awiri, atatu.

"Aaa, imeneyo? Yakalekale. Ndinaionera ku Limbe chaka chatha. Unaona pamene anadumpha mtsinje tcheni chitaduka?"

"Ndinaona."

"Pamene paja anandikhumudwitsa. Komando weniweni sangaiwale pampu kwa adani."

Apa mpamene ndinayenera kugwa pansi ndi phwete, n'kuulula, nkhani n'kuthera pomwepo. Cholinga chinali chomwecho. Koma mnyamata wina wa Fomu 2 anathamangira kutsogolo, ati nayenso anaionera, ndipo pampuyo komando sanaiwale, anaisiya dala chifukwa munali bomba. Rabson anati bodza. Wachitatu anati onse awiri sanamvetse. Sindinaulule. Munthu watchera mbewa imodzi, n'kuona mbira zikubwera pamzere, angachotse msampha?

Lachitatu lisanafike, komando anali ndi mkazi. Ine sindinamupatse mkazi. Atsikana a Fomu 4 ndiwo anamupezera, ndipo anali atamukwiyira kale mkaziyo chifukwa chobwerera kwa mwamuna amene anagulitsa makina ake osokera kuti agule matayala. Mmodzi wa iwo, Eneless, anati analira. Anandiuza ineyo, akundiyang'ana m'maso, kuti analira mpaka chitenje kunyowa.

"Pamene ankapepesana pasiteshoni paja," anatero. "Iwe sunalire?"

"Ndinalimba mtima," ndinatero.

Pamjigo anyamata awiri anagwirana makolala, wina ati filimuyo ndi ya ku China chifukwa cha kamenyedwe, wina ati ndi ya ku Nigeria chifukwa muli apongozi oipa. Panabadwanso kagulu ka ozindikira, kamene kankati filimuyo anthu akungoikweza, pati wanu ndi yozizira, yokoma ndi pati thu. Lachinayi aphunzitsi athu a Jogalafe, amene dzina lawo ndalikwirira poti mayeso ali pafupi, anatimva tikukangana iwo akufufuta bolodi. Anatembenuka, nakonza tayi.

"Sinali yoipa," anatero. "Koma mapeto anawathamangitsa."

Ndinatsala pang'ono kumeza chotsekera cha bolopeni.

Munthu mmodzi yekha m'kalasi monse anakana kulowa kwaya imeneyi: Esinati, mwana wa a Mukhuna, amene amakhala kutsogolo ndipo masamu amamugwadira.

"Filimu imeneyo kulibe," anatero. "Ma CD a bambo anga ndimapukuta ndine. Ndimawadziwa ngati azing'ono anga."

Anamukuwiza. Ati akubisa. Ati bambo ake amaionetsa iye akapita kotunga madzi. Esinati sanalimbane nawo, anangotembenukira kwa ine.

"Fanuwelo, Loweruka unakhala benchi iti?"

"Yakumbuyo."

"Yakumbuyo inathyoka mwezi watha."

"N'chifukwa chake ndinaimirira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira samu imene yankho lake walipeza kale koma akufuna aone ngati aphunzitsi alipeze.

Tiime kaye apa, anzanga, tifunsane. Mawu akuti "sindinaonere" ali ndi minga yanji kuti azitikakamira pakhosi? Sukulu yonse, ana a makolo opemphera, inalolera kunama kusiyana n'kuyenda kumbuyo ola limodzi. Ndipo musati ndi matenda a ana asukulu. Ife tinawatengera kunyumba.

Pitani kumalayini kwathu. TV ya dishi ili kwa a kapitawo okha, ndipo sewero lija la mabanja olemera limene silitha, amayi ambiri amalionera pawindo, pomwe pamaoneka theka la sikirini ndi mutu wa a kapitawo. Koma kukacha, m'mizere ya tiyi, madengu ali kumsana, aliyense amadziwa amene ali ndi mimba ya ndani, ndipo awiri anasiya kubwerekana mchere chifukwa cha mkazi wa mu TV amene onse anangomuona phewa.

Kwerani minibasi pa Nkando. Mupeza abambo akusonyeza ndi manja mmene goloboyi anagwera mochedwa, pamene mpirawo anaumvera pa wailesi ya mnansi, mabatire akutha. Mupeza wina akubwereza mawu onse amene analankhulidwa pa msonkhano wa chipani ku Thuchila, pamene tsiku limenelo anali kumaliro ku Muloza, ndipo voti yake idzachokera pa zimene sanamvezo. Mkwatibwi wina kwathu anaweruzidwa kuti ndi waulesi asanatsike n'komwe pa lole yomubweretsa. Ndipo nonse mumadziwa zimene zili pamwamba pa phiri lathuli, mbale za chakudya zongopezeka zokha, mumafotokoza mpaka ndiwo zake. Anakwerako ndani? Msuweni wa mlamu wa mnzanu.

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife tapitirira pamenepo. Sitituma n'komwe wokatimverera, timangoyambira pa za m'maluwazo.

Zonsezi ndinkaziganiza ndikudziona wanzeru. Sindinkadziwa kuti komando wanga wapalasa kale mpaka pa Nkando.

A Mukhuna, kwa amene simuwadziwa, anathyola tiyi kuesiteti zaka zambiri mpaka msana unakana dengu. Atasiya, anamanga chisakasa cha matabwa kuseri kwa msika, naikamo TV, deki, mabenchi ndi kajenereta kotsokomola. Banja lonse limadya m'chisakasa chimenecho. Esinati ali pasukulu chifukwa cha chisakasa chimenecho.

Loweruka lotsatira anthu anaunjikana pakhomo pawo kufuna Komando wa Panjinga. Iwo anati alibe, sanaimvepo. Anthu anati akunama, akuisungira mabwana a kuesiteti. Ambiri anatukwana n'kubwerera osalowa. Munthu wamkulu, poona mabenchi ali mbee, Lolemba analawirira panjinga mpaka ku Muloza, n'kuwolokera ku Milange, ku Mozambique, kwa ogulitsa ma CD. Woyamba anapukusa mutu. Wachiwiri anapukusa mutu. Wachitatu anakanda chibwano.

"Komando wa Panjinga? Akabou, amigo, yatha dzulo lomweli. Ikuyenda malonda kwambiri. Mubwere Lachisanu."

Pobwerera tayala linawaphulikira kawiri.

Zikanathera pa thukutalo, mwina ndikanasekabe. Koma komando anali atalowanso ku gulu la mapemphero. Gift, mtsogoleri wa gululo, anaima pa asembule n'kutichenjeza kuti filimuyo ndi ya mdima: njinga imayenda yokha kumanda, ndipo pali pena pamene mayi wina akusamba osabisika bwino. Anyamata amene anali chete masiku onsewo anayamba kufunsa kuti ikuonetsedwanso liti. Gift anakauza mayi ake. Mayi ake a Gift ali mu komiti ya makolo, ndipo akamva chinthu, dera lonse lamva.

Chinafika mpaka kwathu. Masteni anandiitana ndikutsuka yunifolomu.

"Iwe, kuli filimu ya satana pa Nkando. Ndikadzangomva kuti wapondako, udzandidziwa."

"Sindingapiteko, amayi."

"Mulungu ndi wabwino. Tsiku limene anaionetsalo unali ndi ine pa makaka. Waona ubwino womvera makolo?"

Ndinavomera kuti ndauona.

Lachiwiri kalata inapita kwa a Mukhuna. Abwere kusukulu Lachinayi masana adzayankhe mlandu woonetsa ana zolaula. Akapezeka olakwa, komiti ikapempha akuluakulu a msika kuti chisakasa chitsekedwe.

Esinati anandipeza kuseri kwa kalasi ndikudya chinanazi. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Bambo sanadye dzulo," anatero. "Akungotulutsa ma CD m'katoni, kuwerenga mayina, kubwezeramo. Ayamba kudzikayikira okha, ati mwina anaionetsadi n'kuiwala."

"Esi, inali nthabwala chabe. Ndimafuna Rabson."

"Ndikudziwa. Lachinayi akatseka, ine Fomu 4 sindiiona. Ndikathyola tiyi ndi amayi. Ndiye useke bwino, usatsamwe ndi chinanazicho."

Chisoni ndinalonjeza chija ndi chimenechi. Chinanazi chotsala ndinapatsa mbuzi.

Ndinayesa kaye njira yachidule. Lachitatu ndinamukokera Rabson pambali.

"Aise, filimu ija ndinapeka. Tiye tikanene tonse, tigawane dzenje la chilango."

"Mwina iwe ndiye unapeka kuti unaionera," anatero. "Ine ndinaionera ku Limbe."

"Rabson, ndi ine Fanuwelo. Tili awiriwiri."

"Ukuchita nsanje chifukwa ndimaikumbukira kuposa iwe."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka.

Lachinayi makolo anadzipanikiza m'madesiki a Fomu 1, maondo ali m'zibwano. A Hedi athu, mayi amene sakweza mawu chifukwa safunikira kutero, anakhala kutsogolo. A Mukhuna anafika atavala jekete la paukwati wawo, katoni ya ma CD itamangidwa pakaliyala ya njinga. Anaitula patebulo.

"Onse ndi amenewa, makolo anga," anatero. "Onerani, ngati muli ndi masiku. Mukaipeza mundionetseko nanenso. Ndaifunafuna mpaka kwa Apwitikizi."

Mayi ake a Gift anaimirira, namanga chitenje. Anafotokoza za kumanda, za mayi wosamba, mpaka mtundu wa sopo. Ana asanu ndi awiri anaitanidwa kukhala mboni, Rabson patsogolo. Ine sindinaitanidwe. Ndinali pawindo ndi osuzumira ena, ndipo miyendo yanga inkalakalaka kwambiri njira ya kunyumba. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinagogoda, ndinalowa.

"A Hedi, pepani. Filimuyo kulibe. Ndinaipeka ndine, panjira, kuti ndimugwire Rabson."

Ndinkayembekezera mkuwe, mwina mbama. Chimene chinabwera sindinachilote.

"Mwanayu amunyengerera," anatero mayi ake a Gift. "Akufuna kupulumutsa apongozi ake. Mukuyesa sitimuona mmene amayang'anira kamtsikana kaja?"

"Akunama, madamu," anatero Rabson. "Ine ndinaionera ndi maso angawa."

"Nanenso," anatero Eneless. "Ndinalira."

Anzanga, munayamba mwakanidwa ndi mwana wobala nokha? Bodza langa linali litakula, litamera ndevu, litakwatira, ndipo linkandidutsa panjira osandipatsa moni. Ndinalumbira. Ndinatchula kamlatho, ndinatchula makaka, ndinati akaitane amayi. Palibe anandimvera. Ndinayang'ana a Mukhuna atagwira katoni yawo ndi manja onse, ndinaona kuti chisakasa chikupita ndithu, ine woulula ndili chiimire pomwepo. Kuyatsa kunanditengera mpweya umodzi. Kuzimitsa, mapapo onse awiri sanakwane.

A Hedi anatsegula chikwama, natulutsa mapepala otsala pa mayeso.

"Mboni zonse, munthu mmodzi desiki imodzi, motalikirana. Mafunso ndi atatu. Njinga inali ya mtundu wanji? Mkazi wa komando dzina lake ndani? Filimu inatha bwanji? Mphindi khumi. Wosuzumira kwa mnzake akaitana makolo." Kenako anatembenukira pakhomo, pamene panaima aphunzitsi a Jogalafe. "Aphunzitsi, ndamva kuti nanunso munaionera. Pepala lilipo."

Aphunzitsiwo anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya ana okha kubwalo la mpira.

Sindinaonepo mayeso otulutsa thukuta ngati amenewo. Mwana wa Fomu 2 uja anatafuna bolopeni mpaka milomo kuda. Nthawi itakwana, a Hedi anatolera mapepala, navala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza, mawu osakwera osatsika, ngati zolengeza za kutchalitchi.

Njinga inali yakuda. Njinga inali yofiira. Njinga inalibe mtundu chifukwa inali yamatsenga. Mkazi anali Rozi. Mkazi anali Patuma. Komando analibe mkazi, uja anali mlongo wake. Komando anamira mumtsinje. Komando anakwatira mwana wa pulezidenti. Komando anatembenuka mtima, nagulitsa njinga, nakhala mbusa. Rabson analemba masamba awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuwonjezapo chidule cha pati thu.

Woyamba kuseka anali bambo wina wa mu komiti, amene anayesetsa kubisa nkhope m'chipewa koma mapewa anamuulula. Kenako kalasi yonse inaphulika, ndi apawindo omwe. A Mukhuna anaseka mpaka kugwira msana wawo wovuta uja.

"Ana inu," anatero akupukuta misozi, "filimu imeneyi ndikanakhala nayo, bwenzi nditakhoma malata."

Mayi ake a Gift sanaseke. Anafunsa mwana wawo ngati anaona ndi maso. Gift anati anamva kwa Eneless. Eneless anati za kusambazo asamuikemo, koma zinazo anamva kwa Rabson. Maso onse anapita kwa Rabson.

Mnzangayo anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, anayang'ana ine. Kenako, ndi kamawu ngati ka mwana wa Fomu 1 wopempha kupita panja:

"Sindinaionere."

Denga silinagwe. Phiri lili pomwe linali, ndinatuluka kukaliona pambuyo pake. Eneless atamva, nayenso ananena, kenako wachitatu, wachinayi, mawuwo akunka napepuka ngati mtolo wogawana. Mayi ake a Gift, ndiwapatse ulemu wawo, anayenda mpaka pamene panali a Mukhuna, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu, tinakulakwirani. Tinathamanga."

Chisakasa sichitsekedwa. Lachisanu Esinati anali pa desiki yake kutsogolo, akutichititsa manyazi pa masamu monga mwa masiku onse.

Ndiye mundifunse chifukwa chake sindikulira. Ndi ichi. Mapepala aja a Hedi sanawataye. Anawapereka kwa aphunzitsi a zisudzo, ati potsekera temu tidzasewere Komando wa Panjinga pabwalo, ndi njinga yeniyeni, mapeto tisankhe tokha. Taganizani. Ife amene timayesa kuti nkhani zokoma zimabwera m'katoni kuchokera kunja, tinapanga filimu yathunthu m'masiku owerengeka, tikuyenda wapansi, opanda ngakhale batire. Pampu ya bomba ija ndi nzeru za mwana amene Chingerezi chimamuthawa. Makina osokera aja, Eneless anandiuza pambuyo pake, anali a azakhali ake enieni, ndipo misoziyo inali yoona ngakhale filimu inali yabodza. Rabson ndi wabodza, inde, koma masamba ake awiri aja ndinawaona a Hedi akuwawerenganso okha mu ofesi, akumwetulira.

Mitu ilipo kuno. Chimene ndaphunzira ine n'chakuti kupeka nkhani ndi luso ukanena kuti wapeka, koma ukaikamo dzina la munthu ndi pakhomo pake osamupempha, wamusenzetsa katundu amene sanamange. Komando ndikanamusiya ku Limbe, bwenzi a Mukhuna atadya bwinobwino sabata yonse.

Tsono chilango, poti mlandu suola.

A Hedi anandipatsa dzenje la zinyalala, kuya kwake ineyo nditaimirira. Limenelo ndi la masiku onse, ndakumbapo awiri, ine ndi dothi la kuseri kwa Fomu 2 timadziwana. Kenako anafunsa a Mukhuna ngati ali n'chowonjezera, poti wopalasa mpaka ku Milange anali iwo. Munthu wamkulu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Abwere Loweruka," anatero. "Alowe ulere, mafilimu onse atatu. Ndimuikira mpando kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi TV."

Ndinayamba kumwetulira.

"Koma ayang'ane kwa anthu. TV ikhale kumsana. Akacheuka kamodzi, tidzayambiranso Loweruka linalo."

Dzulo ndinakagwira chilangocho, kuyambira teni koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chisakasa chinadzaza mpaka ena kukhala pansi, poti mlandu uja unaitana anthu kuposa chikwangwani. Kumsana kwanga anthu ankawomberana, magalimoto ankaphulika, mayi wina ankalira m'Chingerezi cha ku Nigeria, TV ikundiwotcha m'khosi. Esinati anakhala pakhomo ndi maso a wapolisi, kudikira kuti ndicheuke.

Sindinacheuke. Panalibe chifukwa. Munayamba mwaonerapo anthu akuonera? Mnyamata wa kabaza, chimunthu cha minofu, ankazinda chibakera chilichonse ngati chikubwera kwa iye. Mayi wogulitsa zinanazi analowa ndi beseni lake ati angothawako dzuwa, koma anatha maola awiri akulangiza munthu wa mu TV: "Usamwe, mwana wanga, athiramo mankhwala! Usamwe! Iii, wamwa. Chitsiru." Anyamata awiri amene sadyerana m'mbale imodzi anagwirana manja osadziwa. Bambo wina wachikulire pakona anagona filimu itangoyamba, nadzuka mayina a kumapeto akukwera, n'kulengeza kuti akita anachita ulesi. Ndinawakonda bamboyo. Ndi a mtundu wathu.

Potuluka, Rabson anandipeza ndikuwongola khosi.

"Aise, yachiwiri ija waiona bwanji?"

"Sindinaonere. Tandifotokozera."

Anatsegula pakamwa, manja atakwera kale m'mwamba. Kenako anawatsitsa.

"Inenso theka loyamba ndinali panja, ndimagula chimanga chootcha," anatero. "Tiye tikamufunse Esinati."

Dzenje ndiyamba mawa tikaweruka. Ndikudziwa kuti pofika Lachitatu sukulu yonse idzakhala ndi maganizo pa dzenjelo. Ena adzati n'lopindika, ena adzati n'losaya, ena adzalumbira kuti ndapezamo mafupa. Nonse ndinu omasuka kuweruza. Koma kodi simungayambe mwabwera kudzaliona? Lili kuseri kwa Fomu 2, ndipo khasu lachiwiri lilipo.